Ndondomeko yoyambitsa mkaka wa m'mawere poyamwitsa mwana wolera

Mayi, mwafunsa ngati mungayamwitse khanda limene mchemwali wanu anasiya atamwalira, pamene inuyo munaleka kuyamwitsa kalekale. N'zotheka ndithu.

Choyamba, pitani kuchipatala chachikulu cha Mangochi kapena chipatala chakufupi kuti inu ndi mwanayo mukayezetse HIV, chifukwa kachilomboka kamatha kudutsira mu mkaka. Musazengereze pa zimenezi.

Kenako muzimuika mwanayo kubere ka 8 mpaka 12 pa tsiku, ndi usiku womwe, pakuti kuyamwa ndiko kumauza thupi kuti lipange mkaka. Akakana, finyani mawere ndi manja pakatha maola 2 kapena 3 alionse, ndipo muzimufungata pachifuwa khungu likukhudzana.

Mkaka ungatenge masiku kapena masabata angapo usanabwere, choncho mwana asagone ndi njala. Mpatseni mkaka wam'chitini wosungunula ndi madzi owiritsa, pogwiritsa ntchito kapu yoyera osati botolo, ndipo wina muziudonthezera pabere pamene akuyamwa kuti asagwe ulesi.

Idyani mokwanira, ndipo chifukwa cha kutentha kwa kunyanja kuno muzimwa madzi pafupipafupi. Mankhwala owonjezera mkaka musamwe popanda dokotala. Muzipita naye kusikelo, kuti anamwino akuuzeni nthawi yochepetsera mkaka wam'chitini.