Momwe mungaonere maselo a anyezi pa maikulosikopu

Ophunzira ambiri a sekondale amaloweza mayina a zigawo za maikulosikopu pokonzekera mayeso a Biology, koma akakhala pamakinawo m'labotale amangoona mdima kapena chifunga. Kawirikawiri vuto limakhala kuthamangira galasi lokuza kwambiri. Pezani anyezi, ayodini, silaidi (galasi loyikapo chomwe mukufuna kuona) ndi kagalasi kovindikirira, tiyambe.

Ponyamula makinawo, dzanja limodzi ligwire mkono wake wokhotawo, lina lichirikize kunsi. Pamwamba pali eyepiece, galasi loyikapo diso, ndipo nthawi zambiri limalembedwa x10. M'munsi mwake muli chozungulira chomwe pamakhala magalasi otchedwa objective: x4, x10, x40, ena amakhalanso ndi x100. Kuti mudziwe kuti chinthu chakula kangati, chulukitsani manambala awiriwo. Eyepiece ya x10 ndi objective ya x40 zimakuza chinthu ka 400.

Kenako konzani kuwala. Makina ena ali ndi babu, ena kalilole. Ngati ndi kalilole, mulozetse kuwindo, koma osati kudzuwa lenileni, chifukwa magalasiwo amasonkhanitsa kuwala ndipo diso lingawonongeke. Pansi pa stage, poyika silaidi paja, pali diaphragm yomwe imachepetsa kapena kuonjezera kuwala. Ambiri saikhudza n'komwe, chonsecho kuwala kukachuluka maselo a anyezi amasowa m'mbee.

Dulani anyezi, musende kakhungu kopyapyala ka mkati mwa gawo limodzi. Kayaleni pasilaidi kasakwinyike, donthezanipo ayodini dontho limodzi. Povindikira, kagalasiko kayambe kagunda mbali imodzi, kenako mukatsitse pang'onopang'ono. Mukangokagwetsa, mumatsekera timathovu ta mpweya, tozungulira tokhala ndi mkombero wakuda, ndipo pali ophunzira omwe amatijambula bwinobwino m'kope poganiza kuti ndiwo maselo.

Apa ndiye pofunika kudekha. Panikizani silaidi ndi tizitsulo ta pa stage, anyeziyo akhale pakati pa bowo lodutsa kuwala. Tembenuzani chozungulira chija mpaka x4 imveke kuti yalowa m'malo mwake. Mukuyang'anira cham'mbali, diso lisanafike pa eyepiece, potozani kagudumu kakakulu ka m'mbali mwa makinawo kuti silaidi ifike pafupi ndi galasi. Tsopano ikani diso n'kupotoza mobweza, silaidi izitalikira galasi, kufikira chithunzi chitulukire. Mukatero simungaswe silaidi. Malizani ndi kagudumu kakang'ono kuti mizere ioneke bwino.

Musadabwe mukakankhira silaidi kumanja chithunzi n'kupita kumanzere. Magalasiwo amatembenuza chithunzi, ndi momwe amagwirira ntchito.

Chomwe mukufuna kuonetsetsa chiikeni pakati penipeni musanapite pa x10 kenako x40, chifukwa galasi likamakuza kwambiri malo ooneka amachepa komanso kumada. Tsegulani diaphragm pang'ono. Pa x40 kagudumu kakakulu kasiyeni, galasi limakhala litatsala pang'ono kukhudza silaidi. Muona maselo atandandalikana ngati njerwa pakhoma, ndipo mwa ambiri muli kadontho komwe ayodini wakadetsa, ndiye nyukiliyasi. Zobiriwira musazifune, gawo ili la anyezi lilibe ma chloroplast, tizigawo ta m'maselo tomwe timapatsa zomera mtundu wobiriwira.

Galasi la x100 ndi lina. Limafuna kadontho ka mafuta ake apadera pakati pa galasilo ndi silaidi kuti kuwala kusamwazike, ndipo ndi lomwe a labotale kuchipatala amaonera tizilombo ta malungo m'magazi ndi ta TB m'makhololo, chinthu chitakula ka 1,000. Pa anyezi silifunika, ndipo mafutawo asakhudze x40.

Mukamaliza, bwererani pa x4 musanachotse silaidi. Magalasi pukutani ndi pepala lake lofewa lokha, osati malaya kapena mpango, zimakanda. Zimitsani babu, vindikirani makinawo n'kuwasunga pouma, chifukwa m'nyengo ya mvula chinyezi chimameretsa nkhungu m'magalasi.