Momwe mungachepetsere thupi osadzikhaulitsa ndi njala

Thupi limachepa ngati mphamvu yochokera m'chakudya ikuchepera imene mukugwiritsa ntchito. Tiyi wochepetsa thupi kapena lamba womanga pamimba sangakuchitireni zimenezi, ndipo zimandiwawa kuona anthu mu Mzuzu muno akutayirapo ndalama.

Yambani ndi kudziyeza. Bwerekani tepi kwa telala, muyeze mimba cha pamchombo, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Chitani izi m'mawa musanadye, mutatulutsa mpweya, osakokera mimba m'kati. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mayi akapitirira masentimita 80, bambo 94, chiopsezo cha shuga ndi BP chimayamba kukwera. Tepi ikasowa, dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pawiri. Chikakanika kuzungulira mimba, mafuta achuluka. Sikelo kwerani kamodzi pa sabata basi, chifukwa imaphatikiza madzi, minofu ndi mafupa. Mutha kutaya mafuta iyo osasuntha, koma chingwe chidzakuuzani.

Kenako chepetsani chakudya, pang'ono pokha. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700, choncho mukamachotsa 500 patsiku mumatsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Nanga 500 ameneyo achoka pati? Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori 120, yaing'ono ya shuga 16. Taganizani kuzizira kwa mu June kuno: makapu atatu a tiyi, iliyonse masupuni anayi a shuga, ndiye kuti mwamwa pafupifupi 200 mandasi musanawakhudze n'komwe. Chipisi cha pachiwaya chija, chonyezimira mafuta mpaka kunyowetsa pepala, chikhale cha apo ndi apo.

Nsima musaisiye ayi. Amene amainyanyala amabwereranso ndi njala yoopsa. Mitanda itatu ikhale iwiri, kondowole chimodzimodzi, mpata wotsalawo mudzaze ndi mpiru, chigwada, nyemba kapena usipa wa ku Nkhata Bay. Nyemba ndi usipa zimateteza minofu kuti isaphwe limodzi ndi mafuta.

Yendaninso. M'malo mokwera kabaza, kuchokera ku Katoto kupita m'tauni pitani wapansi, mwandawala. Mphindi 150 pa sabata ndi poyambira pabwino.

Amayi oyembekezera ndi amene ali pa mankhwala a shuga ayambe aonana ndi dokotala. Ndipo ngati thupi likutha lokha musanasinthe kadyedwe, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga, TB ndi HIV.