Musadikire Disembala kuti musankhe mabuku ndi mafilimu a chaka

Ngati mumakonda kuuza anzanu mabuku ndi mafilimu amene akusangalatsani m'chaka, yambani kulemba mu Januwale momwemo. Mukadikira Disembala, mutu umangokumbukira zomwe mwaonera posachedwa, buku lokoma lija munawerenga mu Malichi n'kuiwalika.

Mukangotseka buku, kapena filimu ikangotha, lembani mu foni dzina lake, mwezi, ndi chiganizo chimodzi cha zomwe zakugwirani mtima. Zongoti "inali bwino" ayi, sizikumbutsa kanthu. Lembani pamene munaimitsa filimu kuti mupume kaye, kapena tsamba limene munalibwereza kawiri.

Posankha musapitirire zisanu, mndandanda wautali anthu saufika pansi. Pa chilichonse nenani munthu amene chingamukomere. Koma chonde, mathero a nkhani musaulule, ena sanaonere.