Momwe mungagwiritsire ntchito liwu loti "experience" m'kalata yofunsira ntchito

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga adabwera ndi kalata yofunsira ntchito. "Amalume, taiwonaniko ndisanakaipereke," adatero. Ndi mnyamata wanzeru, Chingerezi adakhoza bwino pa MSCE, koma pamzere wachitatu adalemba kuti "I have made many working experiences on accounting." Liwu lililonse m'chiganizochi lilimo m'dikishonale, ndipo palibe lomwe adaphonya kalembedwe. Vuto lake n'lakuti mawuwa sayendera limodzi.

Zoterezi timazidziwa kale m'Chichewa. Zovala timachapa, mbale timatsuka, m'manja timasamba, kumaso timasukusula. Wina akati "ndikukachapa mbale" timamva ndithu, koma timadziwiratu kuti chilankhulochi sadayamwire. Chingerezi nachonso chili ndi mawu ozolowerana chonchi, ndipo aphunzitsi ake amawatcha "collocations". Nazi njira zosankhira anzake a liwu loti "experience".

Choyamba: dziwani "experience" yomwe mukunena

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Liwuli lili ndi matanthauzo awiri amene ife timawatchula mosiyana. Loyamba ndi luso lomwe munthu amakhala nalo chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali, ngati la telala amene manja ake adazolowera makina. Lachiwiri ndi chinthu chomwe chidakuchitikirani: tsiku lomwe mudakwera Ilala koyamba, kapena usiku womwe minibasi idakuferani pakati pa Ntcheu ndi Dedza.

Tanthauzo loyambalo siliwerengeka, lili ngati ufa kapena madzi. Simuika "an" kutsogolo kwake, simuikanso "s" kumapeto. Mumati "I have experience", kapena "a lot of experience" ngati luso ndi lochuluka. Lachiwirilo limawerengeka: "an unforgettable experience", "a bad experience", "my experiences in Johannesburg". Tsono mukalemba "my experiences" m'kalata ya ntchito, bwana amamva ngati mukufuna kumufotokozera zomwe mwakumana nazo m'moyo, pomwe iye akufuna adziwe ngati mumatha kusunga mabuku a ndalama. Pa CV ndi m'kalata, pafupifupi nthawi zonse mukunena za luso, choncho "s" uja mchotseni.

Chachiwiri: sankhani mneni woyenera

Luso limapezedwa, silipangidwa. Aneni oyenda nalo ndi "gain", "get", "have" ndi "lack". Polemba kalata "gain" ndiye amamveka waulemu: "I gained experience in stock control." Pocheza "get" akukwana. "Lack" ndi wa kusowa, monga momwe amayankhira okana munthu ntchito kuti "the candidate lacks experience".

"Make" ndi "do" ayi. Ndikuganiza kuti chimatisokoneza ndi Chichewa cha m'tauni, momwe "kupanga" kwalowa paliponse: tikupanga sukulu, tikupanga geni, tikupanga za ulendo. Mutu ukamaganiza "kupanga", dzanja limathamangira "make". Pa tanthauzo lachiwiri mungathe kunena "have an experience", "share your experiences" kapena "describe an experience", koma ngakhale pamenepo "make" salowapo.

Chachitatu: mawu okhala kutsogolo

Mawu okhazikika ndi "work experience". Ambiri kuno timalemba "working experience", ndipo olemba ntchito ena sadandaula nazo, koma ngati kalata ikupita ku bungwe lakunja, lembani "work". Amene mukufunsira ntchito ku Britain mudziwenso kuti kumeneko "work experience" imatanthauzanso sabata imodzi kapena ziwiri zomwe mwana wa sekondale amakhala pakampani kuti aone momwe ntchito imayendera. Ngati mwagwira ntchito yolipidwa zaka zambiri, mutu woti "professional experience" kapena "employment history" ungakuimireni bwino.

Tsegulani tsamba la ntchito mu The Nation kapena The Daily Times, mupeza mawu omwewo akubwerezedwa: "relevant experience", kutanthauza luso logwirizana ndi ntchito yomwe yalengezedwayo, "previous experience", la ntchito zomwe mudagwirapo kale, "hands-on experience" kapena "practical experience", la munthu amene adagwiradi ndi manja osati kungowerenga m'kalasi, ndi "proven experience", lomwe muli nalo umboni. Mawu omwe iwo agwiritsa ntchito polengeza, abwezereni omwewo poyankha.

Pali liwu lina lomwe timalikonda mopitirira, "vast". Munthu wangokhala miyezi 6 pa ofesi pophunzira ntchito, koma walemba "vast experience". Wowerenga amangoseka chamumtima. "Vast", "extensive" ndi "considerable" asiyireni amene atha zaka 15 kapena 20 pantchito. Inu ingotchulani nthawi yake, chifukwa nambala sikangana ndi munthu. Kalembedwe kake kali pawiri: "three years of experience", kapena "three years' experience", kachizindikiro kam'mwamba kali pambuyo pa "s". Chikakhala chaka chimodzi kamabwera patsogolo pa "s": "one year's experience".

Chachinayi: timawu tating'ono tobwera pambuyo

Timeneti ndi tomwe timagwetsa ngakhale omaliza ku yunivesite. "In" amatsogolera gawo la ntchito: "experience in accounting", "experience in teaching". "With" amatsogolera chida kapena anthu omwe mudagwira nawo ntchito: "experience with Excel", "experience with children". "As" amatsogolera udindo: "experience as a driver". Palinso "of", amene Angerezi a ku Britain amamukonda akamatsatiridwa ndi mneni wothera "ing": "experience of working in rural areas".

Awiri oti muwapewe ndi "on" ndi "to". "Experience on accounting" ndi yolakwika, chimodzimodzinso "experience to teach" m'malo mwa "experience in teaching". Mukafuna kudzifotokoza nokha, nenani "I am experienced in" kapena "an experienced nurse", osaiwala "d" wakumapetoyo, amene ambiri amamumeza polankhula kenako n'kumuiwalanso polemba.

Chachisanu: pa intavyu

Mukafuna kunena kuti "monga ndaonera ine pantchito", mawu ake ndi "in my experience". "According to my experience" amamveka achilendo, chifukwa "according to" amagwira ntchito potchula zonena za ena. Mungathenso kunena "I know from experience" kapena "I learnt from experience".

Liwuli limakhalanso mneni, ndipo kawirikawiri limakonda mavuto: "experience difficulties", "experience delays", "experience pain". N'chifukwa chake mumaliona m'zidziwitso za kuvuta kwa madzi, zonena kuti makasitomala "will experience low water pressure". Likakhala mneni silifuna kamawu kena pakati, ndipo pocheza wamba "we had problems" amamveka bwino kuposa "we experienced problems".

Chomaliza: tsimikizani musanatumize

Pafoni panu tsegulani Oxford Learner's Dictionaries kapena Cambridge Dictionary, onse ndi aulere pa intaneti. Pafupi ndi tanthauzo lililonse pamakhala chizindikiro chosonyeza ngati liwu limawerengeka kapena ayi. Cambridge amaika chilembo U pa losawerengeka ndi C pa lowerengeka. Musathamangire tanthauzo lokha, werengani ziganizo zachitsanzo, chifukwa anzake a liwu amaonekera m'menemo. Kusaka pa Google kokha musakudalire kwambiri, poti zolakwika nazonso zilipo zambiri pa intaneti. Ndipo mukamalemba mawu atsopano m'kope, musalembe "experience" payekha. Lembani "gain experience in", mawu atatu pamzere umodzi, kuti alowe m'mutu ali limodzi.

Chiganizo cha mwana wa mlongo wanga chija tidachikonza chonchi: "I gained six months' practical experience in accounting during my internship." Adadandaula kuti miyezi 6 ikuoneka yochepa ndipo adafuna tiikepo "vast". Ndidakana, kalata idapita choncho.