Nkhani zoti asayansi apeza Mulungu mu ubongo muziziwerenga chonchi

Zimabwera pafupipafupi pa WhatsApp izi, chithunzi cha ubongo apa pofiira apo pachikasu, m'munsimu alemba kuti sayansi yatsimikiza kuti Mulungu alipo, mawa lake wina watumiza chomwecho koma akuti zopempherazi ndi za m'mutu basi. Musanatumize kwa anzanu ifunseni kaye nkhaniyo.

Yambani ndi kufunsa kuti anayeza anthu angati. Mu 2006 Andrew Newberg wa ku University of Pennsylvania anajambula ubongo wa anthu akulankhula m'malilime, n'kupeza kuti mbali ya kuseri kwa chipumi, yomwe imathandiza munthu kudzigwira ndi kusankha chochita, inkachepa ntchito. Zikufananako ndithu ndi zomwe a mafelosipi amanena zoti lilime limangoyenda lokha. Koma anthuwo anali 5 okha, ndiye musathamange nazo.

Kenako funsani kuti pojambulapo ankatani kwenikweni, apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Makina ojambulira ubongo a fMRI ndi chimphanga chaphokoso, umagona chagada mutu osagwedeza, ndani angapemphere bwino mmenemo? Mario Beauregard ku Montreal atatenga masisitere 15 a Katolika a chipani cha Carmelite kuti awajambule m'makinawa, iwo anamuuza kuti Mulungu sachita kumuitanitsa nthawi yomwe wafuna iwe, ndiye anangowapempha kuti akumbukire nthawi imene anamva kuti ali pafupi naye kwambiri. Chomwe anajambula ndi kukumbukirako. Komanso pa chithunzipo kunayaka mbali zambirimbiri za ubongo, panalibe kamalo kamodzi koti apa ndiye pa Mulungu. Newberg uja poyeza anthu a chipembedzo cha Chibuda osinkhasinkha anachita mwanzeru, munthu ankakhala yekha m'chipinda atagwira kachingwe, zikafika pachimake n'kukoka, apo m'pamene ankamulowetsera mankhwala ojambulira kudzera m'kapaipi ka pamkono. Anaona kuti mbali ya ubongo ya chakumtunda kumbuyo, yotiuza pomwe thupi lathu lathera ndi pomwe zinthu zina zayambira, inkachepa ntchito, mwina n'chifukwa chake ena amati ndinadziiwala, ndinangomva ngati ndili chimodzi ndi zonse.

Onaninso ngati ena anabwereza n'kupeza zomwezo. Michael Persinger ku Canada anali ndi chipewa cha maginito choveka kumutu, ndipo ambiri akachivala ankati akumva ngati m'chipindamo muli wina wake, iye n'kumati ndi maginitowo. A ku Uppsala ku Sweden, Pehr Granqvist ndi anzake, atayesa mu njira yoti woyezedwa ndi woyeza onse asadziwe ngati maginito ayatsidwa, zotsatira za mu 2005 zinaonetsa kuti maginitowo sankasintha kanthu, omwe ankamva zachilendo anali anthu osachedwa kutengeka.

Funso loti Mulungu alipo kapena ayi musalisiyire makina, sanawapangire zimenezo. Mukamadya mango ubongo umayakanso, koma chithunzicho sichingakuuzeni ngati mangowo alipodi kapena mukungowalota. Wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse amakokera chithunzi chomwecho kwawo, ine ndimaona kuti onse amanamizira makina.

Chinthu chimodzi chokha musachitenge mwachibwana. Pali mtundu wa khunyu woyambira m'mbali mwa ubongo chapafupi ndi khutu, munthu osagwa ayi, amangoti duu maso ali gwa, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kumva fungo lomwe ena sakulimva, mwinanso mantha kapena chimwemwe chachikulu chodzidzimutsa, pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri osakumbuka bwino. Zikamabwerezabwereza mofanana chonchi mupite naye kuchipatala, mankhwala ake alipo, mapemphero mupitiriza pobwera.