Flagyl si mankhwala a mimba iliyonse yofufuma

Mango akapsa, mvula ikayamba, odandaula za m'mimba amachuluka. Zimenezo n'za chaka chilichonse. Chodetsa nkhawa dzinja lino ndi zimene anthu akumwa. Mimba ikangofufuma n'kuyamba kulira, munthu akuthamangira pa okala kukagula mibulu itatu ya Flagyl, wina akuwonjezera ciprofloxacin (onsewa ndi mankhwala opha tizilombo), kumwa masiku awiri, n'kusiya. Pakatha milungu iwiri vuto labwerera, ulendo wa pa okala. Alipo amene achita zimenezi kwa zaka.

Ambiri mwa anthu otere alibe tizilombo toti mankhwalawa aphe. Ali ndi vuto limene madokotala amalitcha IBS: matumbo alibe chilonda kapena chotupa, koma amamva ululu msanga ndiponso sayendetsa chakudya mwadongosolo. M'mimba mumapotokola kosachepera tsiku limodzi pa mlungu kwa miyezi itatu, ululuwo umasintha munthu akapita kuchimbudzi, ndipo chimbudzi chimasinthasintha, lero chamadzi, mawa chouma ngati cha mbuzi. Nkhawa ndi kusagona zimaukulitsa. Mwa anthu 10 amene anadwalapo matenda otsekula m'mimba oyamba ndi tizilombo, mmodzi amatsala ndi vutoli ngakhale tizilomboto titatha kalekale. Mango, mapeyala, nyemba, anyezi, adyo, mkaka ndi za ufa wa tirigu monga mandasi zili ndi mitundu ya shuga imene matumbo a anthu ena amalephera kuyamwa. Ikafika m'thumbo lalikulu imasasa ngati thobwa logonera, mpweya n'kudzaza. Flagyl angachitenji ndi mango asanu ndi atatu odyedwa nthawi imodzi?

Zimene angachite ndi izi. M'thumbo lalikulu mumakhala mabakiteriya ambirimbiri othandiza kugaya chakudya ndi kutchinga oipa kuti asaswane. Mankhwala opha mabakiteriya sasankha, amasesa onse. Mukamwa mobwerezabwereza, malo amatsala opanda mwini, ndipo pamalowa kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile, kamene kamatsekula m'mimba koopsa mpaka kugonetsa munthu m'chipatala. Ciprofloxacin ndi mmodzi mwa mankhwala odziwika kuti amatsegulira kachilomboka njira, komanso amafooketsa mtsempha wa kuchidendene mpaka kuduka. Flagyl womwa nthawi yaitali amachititsa dzanzi m'mapazi ndi m'manja, ndipo kumwera mowa kumabweretsa kusanza ndi kuthamanga kwa mtima. Kenako pali vuto la mudzi wonse. Mankhwala omwa modukiza amaphunzitsa tizilombo kupirira, ndiye tsiku limene mwana adzadwale taifodi weniweni, ciprofloxacin uja adzakhala ngati ufa wamba.

Bambo wina wolima fodya anali ndi chizolowezi chomwa Flagyl Lolemba lililonse asanapite kudimba, ati kutsuka m'mimba. Ankanyadira kuti m'kamwa mukamawawa ngati chitsulo ndiye kuti mankhwala agwira. Atayamba kumva ngati akuponda pa minga, anapita kwa sing'anga kukachotsetsa zimene amati anamutchera m'njira ya kumunda. Mbuzi inapita. Kuchipatala anangomuuza kuti asiye mibuluyo ndipo achepetse tiyi wa mkaka ndi mandasi m'mawa. Mimba inakhazikika, koma mapazi anatenga miyezi kuti abwerere mwakale. Kutsuka m'mimba! Mimba si mgolo wa madzi.

Pali ena amene anamva za SIBO pa intaneti n'kuganiza kuti apeza chifukwa chomwera mankhwalawa. SIBO ilipodi. Apa mabakiteriya amachuluka m'matumbo aang'ono, mmene amayenera kukhala ochepa. Koma simangobwera. Pakati pa chakudya ndi chakudya matumbo aang'ono amadzisesa okha pafupifupi mphindi 90 mpaka 120 zilizonse, ndipo kusesaku kukafooka ndi pamene mabakiteriya amamanga msasa. Zofooketsa zake ndi matenda a shuga okhalitsa, zipsera za opaleshoni ya m'mimba, ndi mankhwala a ululu monga tramadol ndi codeine. Omeprazole wa chilungulira womwa miyezi yambiri popanda uphungu amachepetsa asidi amene amapha tizilombo tolowa ndi chakudya. Kumene zipangizo zilipo amayeza ndi mpweya: munthu amamwa madzi a shuga wa glucose kapena lactulose n'kumapumira m'kathumba, ndipo mpweya wa hydrogen ukakwera ndi 20 ppm (muyeso wa kuchuluka kwake) mkati mwa mphindi 90 amati vuto lilipo. Mankhwala ake, monga rifaximin, amamwedwa pafupifupi milungu iwiri, pa mlingo wolembedwa ndi dokotala. Choyambitsa chikapanda kukonzedwa, vutoli limabwereranso. Mibulu itatu ya pa okala ilibe mbali pa nkhaniyi.

Choipitsitsa n'chakuti amene akudzichiza yekha amachedwa kupeza chimene chikumudya. Magazi m'chimbudzi, kuwonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kutentha thupi, kutsekula kodzutsa usiku, kapena vuto loyamba munthu atapitirira zaka 50, zimenezi si IBS mpaka dokotala atatsimikiza. Mwina ndi njoka za m'mimba, kachilombo ka giardia, TB ya m'matumbo, matenda obwera chitetezo chikatsika, kapena khansa.

Ndiye chochita: kayezetseni chimbudzi, magazi ndi HIV kaye. Zikatuluka bwino, siyani zakudya zija kwa milungu inayi, mudalire nsima, mpunga, nsomba, mazira, papaya ndi malalanje, kenako muzibwezeretsa chimodzichimodzi, masiku atatu chilichonse, kuti mudziwe chokuvutani. Musasale zonse mpaka kalekale. Lekani kutolatola pakamwa tsiku lonse, matumbo apeze mpata wosesa. Buscopan amathandiza kupotokola, loperamide kutsekula kopanda magazi komanso kopanda kutentha thupi, ndipo zikakanika funsani dokotala za amitriptyline wa mlingo wochepa womwa usiku.