Kuphunzitsa za madzi osefukira ndi foni imodzi

Funso ndi lakuti ana a Sitandade 6 angakopeke bwanji ndi phunziro pomwe foni ilipo imodzi, magetsi kulibe.

Konzeranitu foni yotchaja pa sola, kasipika ka Bluetooth, dongo, timiyala, ndowa ya madzi, ndipo a hedi adziwe.

1. Jambulani mawu a agogo akumudzi akufotokoza momwe madzi anafikira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Apempheni kaye mwaulemu, ena anataya abale.

2. Ana amvere kawiri pa sipika.

3. Tulukani panja. Magulu aumbe Shire ndi dongo, Ruo wochokera ku Mulanje alowe pa Chiromo, timiyala tikhale nyumba. Mmodzi athire madzi kumtunda pang'onopang'ono, ena aone nyumba zoyamba kumira. Kenako azike udzu m'mphepete, athirenso, ayerekeze.

4. Samalani apa. Ambiri amasiya foni kuti ana azipatsirana, phunziro n'kusanduka mkangano. Sankhani mwana mmodzi wojambula vidiyo ya zomwe maguluwo akuchita, ndipo foni ikhale pamthunzi. Dzuwa la ku Nsanje likaipsereza imangozima yokha.

5. Mawa lake onetsani vidiyoyo, gulu lililonse lifotokoze zomwe linaona, ngakhale m'Chisena, kenako alembe m'makope.